Ambuya NyaManda ndi Akatumbu a Kudziwe

Ndikadutsa pamene ayanika chinangwa choviika, fungo lake lowawasa lija likangondilowa m'mphuno, ndimawaona Ambuya NyaManda atakhala pamwala m'mphepete mwa kamtsinje, mapazi ali m'madzi, mpeni wothyoka chigwiriro uli m'manja, akusenda chinangwa osachiyang'ana n'komwe chifukwa maso awo anali kutsidya m'bango, kumene atchete ankalongolola ngati amayi pamsika. Fungo limenelo linkawatsata kulikonse. Linali m'zitenje zawo, m'kanyumba kawo kofolera udzu, ngakhale m'buku lawo la nyimbo la Chitonga limene ankalikulunga m'kansalu popita kutchalitchi.

Sanali agogo anga enieni. Ife kwathu ndi ku Ntcheu. Tinapita ku Chintheche zaka zochepa ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, bambo anga atapeza ntchito ya ukhukhi pa loji ina ya m'mphepete mwa nyanja, ine ndili ndi zaka khumi. Nyumba imene tinkakhala inali kuseri kwa nyumba ya mayi wina wamasiye, wamtali, wowonda, wosakonda kuyankhula, amene aliyense ankamutchula kuti NyaManda. Amuna awo anali msodzi, anamwalira kalekale, ndipo ana awo anali ku Joni ndi ku Mzuzu. Amayi anandiuza kuti ndiziwatchula ambuya, monga ana a kumeneko amatchulira agogo awo. Chichewa chawo anachitola pawailesi ndi pogulitsa ufa wa kondowole pamsika, ndiye chinkatuluka chopindika, chosakaniza ndi mawu a kwawo, koma tinkamvana.

Kusukulu zinthu sizinkandiyendera. Anzanga ankayankhula Chitonga mothamanga, ine n'kumangoyang'ana pakamwa pawo. Atamva kuti kondowole amandikanika kumeza, anandipatsa dzina loti wa mgaiwa, ndipo pa nthawi yopuma ndinkakhala ndekha patsinde pa mango. Chinthu chimodzi chokha ndicho ndinali nacho chimene iwo analibe: kanema. Ku loji kunali wailesi ya kanema yolumikizidwa ku dishi yaikulu imene inali padenga la bala, ndipo m'nyengo ya mvula, alendo akasowa, bwana wa pamalopo ankalola ana a antchito kukhala pansi pasimenti Lamlungu masana n'kumaonera. Chimene ankatiikira chinali pulogalamu ya nyama zakutchire. Mzungu wosaoneka ankayankhula pang'onopang'ono m'Chingerezi, nyimbo ikulira chapansipansi, ife tikuona mikango ikugwetsa njati, nyalugwe akukweza mbawala mumtengo, mbalame zoyenda choimirira pamadzi oundana. Lolemba ndinkapita nazo kusukulu nkhani zimenezi, ndikuwonjezera mchere, ndipo kwa kanthawi kochepa atsikana aja ankandizungulira n'kumandimvetsera m'Chichewa changa.

Lamlungu lina Ambuya NyaManda anabwera ku loji kudzatula nthochi zimene bambo anaitanitsa. Mvula inayamba asanabwerere, ndipo bambo anawapempha kuti alowe ausepo. Anakana kawiri, kachitatu n'kulowa. Anawapatsa mpando, iwo anausuntha n'kukhala pansi pafupi ndi ine, miyendo atatambasula. Aka kanali koyamba kuona kanema. Ndinkayembekezera kuti adzidzimuka mkango ukabangula, kapena afunsa ngati nyamazo zili m'kati mwa bokosilo monga ankachitira okalamba ena, ndipo ndinali nditakonzeka kale kuseka. Sanachite chilichonse cha zimenezo. Anangoti duu, khosi atalitambasula pang'ono, monga ndinadzawaonera pambuyo pake kumtsinje.

Panafika pamene anaonetsa kambalame kakubweretsa chiwala kuchisa, tiana titayasamula kukamwa. Kasanamalize kudyetsa, chithunzi chinasintha, kunabwera njovu. Ambuya anatsonya. Anafunsa bambo ngati tiana tija tinakhuta tonse, chifukwa iwo anaona kuti kamodzi kakumapeto sikanalandire kanthu. Bambo anaseka n'kunena kuti zimenezo sanaonetse. Iwo anapukusa mutu n'kunena kuti munthu sachoka pachisa nkhani isanathe. Patapita kanthawi anafunsanso kuti amene anajambula zithunzizo anali ndani, anakhala patchirepo masiku angati, ankadya chiyani, udzudzu ankauthawa bwanji osagwedezeka. Bambo sanadziwe. “Ameneyo ndiye ndikanakonda kumuona,” anatero ambuya. “Nyamazi zikungochita za masiku onse. Wagwira ntchito ndi amene anakhala pansiyo.”

Chakumapeto anaonetsa kanyama kosalala, ka ndevu, kakusambira chagada mumtsinje wa dziko lina, nsomba ili kukamwa. Mzungu uja anatchula dzina lake m'Chingerezi, ndipo ngakhale bambo sanadziwe kuti m'Chichewa n'chiyani. Ambuya anati ameneyo ndi katumbu, koma wa kuno ndi wonenepa kuposa pamenepo. Apa ndiye ndinaseka. Ndinanena mokweza kuti nyama ngati zimenezo zimakhala kunja, kuno kuli agalu ndi mbuzi basi. Bambo anandiyang'ana ndi diso limene ndinkalidziwa bwino. Ambuya sanakhumudwe. Anangoti ndikapemphe kwa amayi, Loweruka m'mamawa ndiwaperekeze koviika chinangwa, ndipo ndisavale diresi lofiira limene ndinavala tsikulo.

Tinanyamuka dzuwa lisanatuluke, mame akunyowetsa miyendo, tikudutsa m'minda ya chinangwa ndi m'nthochi mpaka tinasiya nyumba zonse m'mbuyo. Amayi ena ankaviika chinangwa chawo kumunsi, pafupi ndi msewu, kumene ankachezerako. Ambuya anali ndi dziwe lawolawo kumtunda, pansi pa mkuyu waukulu, pamene madzi ankaima n'kuda chifukwa cha mthunzi, miyala itatu itatulukira pakati. Tisanakhale pansi anandionetsa ndowe pamwala umodzi, zodzaza ndi tizidutswa ta zigoba za nkhanu, n'kundiuza kuti ndinunkhize. Ndinakana. Anati chabwino, koma ndidziwe kuti mwini wake anali pamenepo usiku womwewo.

Anavuula chinangwa chofewa m'madzi, anandipatsa china kuti ndizisenda ndi zala, ndipo anandiuza kuti manja azigwira ntchito koma mutu ndi pakamwa zikhale bata. Tinakhala. Nyerere zinandiluma m'ntchafu, udzudzu unandilira m'makutu, mwendo unachita dzanzi, ndipo mumtima ndinali nditayamba kale kukonza mmene ndikawauzire bambo kuti ambuya aja amanama. Koma pokhala chomwecho ndinayamba kuona zinthu zimene poyamba panalibe. Chimene ndinkayesa chitsa chinali nantchengwa ataima mwendo umodzi m'matope. Panthambi ya mkuyu panali kambalame kobiriwira, ka mlomo wautali wofiira, kamene kanadziponya m'madzi ngati mwala n'kutuluka ndi kansomba, kenaka n'kukamenyetsa panthambi mpaka kufa. Ng'azi inatsika pagombe ikutulutsa lilime. Ambuya sankaloza ndi chala. Ankangotembenuza maso, ine n'kutsatira kumene apita.

Kenaka chigongono chawo chinandikhudza. Pamadzi panali mzere wa thovu ukuyenda wokha kulunjika kumiyala. Panatulukira mutu wakuda, wonyezimira, ndevu zikudontha madzi, timaso tikuyang'ana uku ndi uku. Katumbu anakwera pamwala atagwira nkhanu ndi manja awiri ngati munthu, n'kuyamba kuitafuna, ndipo phokoso la chigobacho linkamveka bwinobwino mpaka pamene tinakhala. Pambuyo pake panatuluka tiana tiwiri, tikulira ngati kaluzu, tikukwerana, kamodzi n'kuterereka kubwerera m'madzi, mayi wake n'kukagwira pakhosi kukabwezera pamwala. Panalibe nyimbo, panalibe mzungu wofotokoza. Ndinkangomva mtima wanga ndi madzi. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Chinangwa chimene chinali m'manja mwanga ndinachifinya mpaka chinatuluka m'mipata ya zala.

Atapita, ambuya anapitiriza kusenda ngati palibe chachitika. Tikusenza mabeseni anandiuza kuti akatumbu akhala akuberekera padziwe limenelo zaka zambiri, ndipo palibe amene anamuuzapo, ngakhale ana awo. “Zimene waona pano uzisiye pompano,” anatero. “Asodzi sagwirizana ndi katumbu.” Ndinalonjeza, ndipo ndinalonjeza ndi mtima wonse. Masabata angapo otsatira ndinkadzuka ndekha Loweruka, amayi osandigwedeza, n'kukawapeza ambuya akumanga nkhata pakhomo.

Chimene chinandigwetsa chinali chiphaliwali. Chinaomba dishi ya ku loji, kanema n'kufa, ndipo bwana anati wokonza achokera ku Mzuzu, tsiku losadziwika. Lolemba loyamba ndinabwereza nkhani zakale. Lolemba lachiwiri Tamala, mtsikana wamtali amene anzathu onse ankamumvera, anandidula pakati n'kunena kuti mikango yangayo yatopetsa, ndipo mwina sindinaionepo n'komwe, chifukwa munthu woona zinthu m'bokosi sanaone kanthu. Anzake anaseka n'kuyamba kutembenuka. Ndisanaganize, ndinali nditanena kale kuti ine ndinaona katumbu ndi maso angawa, wamoyo, ndi ana ake awiri, konkuno ku Chintheche. Tamala anaima. Anandifunsa kuti kuti, ndipo ine, pofuna kuti akhulupirire, ndinafotokoza zonse: njira ya m'nthochi, mkuyu, miyala itatu.

Tsiku limenelo anandiitana kusewera nawo phada koyamba, Tamala n'kundibenthulira chinangwa chake chootcha. Ndinabwerera kunyumba ndikudumpha. Sindinadziwe kuti bambo ake a Tamala, Ada Longwe, anali msodzi wotchera ukonde pafupi ndi pamene kamtsinje kaja kamathirira m'nyanja, ndi kuti mwezi wonse ankavuula ukonde wobooka, muli mitu yokhayokha ya nsomba. Tamala sanali mwana woipa. Kwawo anali atadyera chigwada masiku ambiri, ndipo iye anangokanena kunyumba zimene anamva.

Loweruka la sabata imeneyo, tisanafike pamkuyu, ambuya anaima panjira n'kutchera khutu. Anati mbalame zikukalipa, pali chimene chalakwika. Anatula beseni n'kuyamba kuyenda mofulumira, ine pambuyo. Pagombe, pamene akatumbu ankakonda kutsikira, matope anali atavundukavunduka. Katumbu wamkulu uja anali pamenepo, waya wa buleki ya njinga utamugwira kuseri kwa mwendo wakutsogolo n'kulowa m'mnofu, mbali ina itamangidwa kumuzu wa mkuyu. Anali atalimbana nawo mpaka kutopa. Atationa anadzuka n'kutulutsa mano, akufwenthera, ndipo m'bango tiana tija tinkalira osalekeza. Ndinadziwa pomwepo kuti waya umenewo unafika pamenepo kudzera pakamwa panga.

Ambuya sanataye nthawi. Anamasula chitenje chapamwamba, cha chipani china chimene analandira pamsonkhano, anachiviika m'madzi kuti chilemere, anachipinda pawiri n'kuchiponya pamutu pa katumbu, iwo n'kugwada pompo kumupanikiza ndi bondo. Mpeni wawo sukanadula waya. Anandiuza kuti ndithamangire kumuzu ndikamasule mbali inayo kuti waya ukhwepe. Ndinagwada m'matope, waya ukundibaya, ndikupotokola mmene ndikanathera, uku ndikumva nyama ija ikuphiriphitha pansi pa nsalu. Waya utakhwepa, ambuya analowetsa zala zawo pakati pa waya ndi khungu kuti akulitse khwekhwelo. Apo ndi pamene mutu wa katumbu unatulukira m'mphepete mwa chitenje, n'kuwaluma dzanja lamanja patsinde pa chala chachikulu.

Sanakuwe. Ndinangomva akukoka mpweya m'mano. Ndinkayesa achotsa dzanja, koma iwo anapitiriza ndi dzanja lamanzere, mano akadali m'mnofu mwawo, mpaka waya unadutsa mwendo uja. Kenaka anadzuka n'kukoka chitenje. Katumbu anawasiya, anagubuduka, n'kulowa m'madzi akukoka mwendo. Patapita kanthawi bango linagwedezeka kutsidya, ndipo kulira kwa tiana tija kunaleka. Magazi ankatsika m'mkono mwa ambuya n'kumadontha kuchigongono. Anatsuka balalo m'madzi oyenda nthawi yaitali, anang'amba mkawo wa chitenje ndi mano n'kundiuza kuti ndimange molimba. Atatero anatola waya uja, anaupinda bwinobwino n'kuuika m'beseni langa.

Bambo anawanyamula panjinga kupita nawo kuchipatala. Kumeneko anawatsuka ndi mankhwala, anawabaya jakisoni n'kuwauza masiku oti azibweranso kudzabayitsa ena, ndipo namwino anawakalipira kuti munthu wamkulu ngati iwo ankafuna chiyani m'kamwa mwa nyama. Anabwerako masana dzanja lili m'bandeji yoyera, litatupa mpaka m'mkono. Amayi anawapempha kuti agone. Iwo anamwa madzi, anasintha chitenje, n'kundiitana kuti nditenge waya uja tipite kunyanja. Ndinayenda pambuyo pawo ngati wopita kukaweruzidwa.

Asodzi anali pansi pa mtengo akusoka maukonde, mabwato atawagadamiza pamchenga. Ambuya anapereka moni kwa aliyense monga mwa mwambo, anagwada pang'ono, kenaka anatenga waya m'manja mwanga n'kuuika pamapazi pa Ada Longwe. Anayankhulana m'Chitonga. Zina ndinamva ndekha, zina ndinadzazimva pambuyo pake kwa Tamala, amene anali chapafupi akutsuka mbale. Ambuya anati abweretsa katundu wa eni ake, ndipo amene anali m'katimo amumasula ndi iwowo, asakaganizire wina. Ada Longwe anakwiya. Anakoka ukonde wawo n'kuwaonetsa mabowo, lina loti munthu n'kulowetsa mutu, n'kufunsa ngati ana awo azidya katumbuyo kukongola kwake.

Ambuya anagwira ukondewo ndi dzanja labwinolo, anayang'ana bowo lililonse, n'kuvomera kuti imeneyo ndi ntchito ya katumbu ndithu. Anati iwo anakhala mkazi wa msodzi, akudziwa mmene pakhomo pamakhalira bwato likabwera lopanda kanthu, ndipo sanabwere kudzanena kuti nyamayo ndi yosalakwa. Chimene anabwera kudzanena n'chakuti katumbu woyamwitsa sapita kutali ndi ana ake. Amafika pamathiriro, amazungulira mpaka pamwala waukulu pamene pamatera mbalame zotchedwa mphipi, n'kubwerera. Ada Longwe akamatchera kupitirira mwala umenewo, ukonde wawo sukhudzidwa, ndipo ikatha miyezi iwiri anawo akula, banja lonse limwazikana. Ada Longwe anafunsa kuti zimenezo akuzidziwa bwanji. Ambuya anayankha kuti anayamba kuwayang'ana akatumbu amenewo Ada Longwewo asanaphunzire kupalasa bwato. Amuna ena aja anaseka chamumtima, maso ali paukonde.

Ada Longwe anati kupitirira mwalawo n'kutali, ndipo mphepo ya mwera ikayamba n'koopsa. Ambuya anavomera kuti n'zoona. Kenaka bamboyo anayang'ana bandeji ija, imene inali itayamba kufiira pakati, n'kufunsa ngati yachita zimenezo ndi nyama yomweyo imene akuipepeserayo.

“Anali ndi mantha, Ada,” anatero ambuya. “Inunso atakumangani ndi waya usiku wonse, ana anu akulira pambali, mukhoza kuluma amene wabwera.”

Mwina pofuna kuti asaoneke ogonja, Ada Longwe anandiloza ndi singano yosokera ukonde n'kunena kuti ngati ambuya akufuna wolakwa, wolakwa ndi kamtsikana kamene abwera nakoka, chifukwa ndi kamene kanaulula dziwelo kusukulu. Maso onse anabwera pa ine. Ndinkafuna mchenga utanditsegukira. Ambuya sanatembenuke n'komwe. “Ndabwera ndi nkhani ya waya,” anatero, “ya mwana sindinabwere nayo.” Anatsanzika, anathokoza onse kuti yewo, ndipo tinanyamuka. Ada Longwe sanalonjeze kanthu. Ndinangowaona akutola waya uja n'kuuponya m'bwato.

Panjira ndinayamba kulira. Ndinawauza zonse, za kanema wakufa, za phada, za chinangwa chootcha, ndikusisima moti mawu ena sankamveka. Anandisiya ndilire mpaka tinafika pamsewu waukulu, tinaima kudikira minibasi idutse. Atatero anati anadziwa kale m'mawa muja atangoona nkhope yanga pamkuyu. “Kulira ulire,” anatero, “koma mawa ukabwerako kutchalitchi ubwereke mpeni wa amayi ako. Chinangwa chili m'madzi, ndipo ine dzanja ndilibe.”

Kuyambira pamenepo, kwa mwezi ndi masabata, ndinakhala dzanja lawo lamanja. Ndinkavuula, kusenda, kusinja, kuumba timibulu n'kuyanika pathandala, m'mawa ndisanapite kusukulu ndi madzulo ndikaweruka. Iwo ankakhala pambali, bandeji ili pabondo, akunditchulira dzina la chilichonse chouluka kapena chokwawa, m'Chitonga ndi m'Chichewa pamene akulidziwa. Chitonga changa chinachokera pamenepo, ndipo pofika kumapeto kwa chaka ndinkakangana ndi Tamala m'chiyankhulo chake. Balalo linapola, koma chala chachikulu chija sichinapindikenso bwino, moti mpeni anayamba kuugwira mwachilendo, pakati pa zala zina. Padziwe sipanapezekenso msampha. Ada Longwe anayamba kutchera kupitirira mwala wa mphipi, kaya chifukwa cha mawu a ambuya kaya nsomba ndizo zinasamukira kumeneko, sindinafunse. Koma akatumbu anachoka. Nthawi yonse imene tinakhala ku Chintheche sitinawaonenso, ngakhale tinkakhala pamkuyu paja mpaka dzuwa kukwera. Ambuya sanandikumbutsepo ngakhale kamodzi chifukwa chake.

Chimene sindidzaiwala chinachitika dzanja litangopola. Tikuchokera kumtsinje anapatuka njira, ananditengera kuseri kwa munda wa munthu wina kumene kunali mtengo wakale wa mphako, n'kundiuza kuti ndiyang'ane m'mwamba. M'mphakomo munali kadzidzi atatsinzina, ndi tiana titatu toyera ngati thonje. Aliyense m'mudzimo akanadziwa, mtengowo ukanatenthedwa tsiku lomwelo, chifukwa anthu amati kadzidzi ndi mbalame ya afiti. Ndinayembekezera kuti andichenjeza, andilumbiritse, andikumbutse za dziwe. Koma sanatero. Tinayang'ana mpaka khosi linawawa, kenaka anasenza beseni lawo, ine langa, tinabwerera kunyumba. Nkhani ya mtengo umenewo ndikuinena lero koyamba.

Tinachoka ku Chintheche ndili mu fomu wanu, bambo atapeza ntchito ina ku Salima. Ndinakula, ndinaphunzira zauphunzitsi, ndinakwatiwa, ndipo tinakhazikika ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre. Ndinapitanso kukawaona ambuya kamodzi kokha, mwana wanga woyamba ali kumsana. Ndinawapeza atakalamba kwambiri, maso atachita ng'ala, atakhala pakhonde pa nyumba ya malata imene mwana wawo wa ku Joni anawamangira. Anandizindikira ndi mawu. Anamugwiragwira mwana kumaso, anafunsa za bambo ndi amayi, kenaka anandifunsa kuti kumene ndimakhalako kuli mbalame zanji. Ndinati akhwangwala. Ndinati njiwa. Ndinaganiza, n'kuwonjezera mpheta. Pamenepo ndinathera. Pofuna kudziteteza ndinati m'tauni mulibe mbalame zambiri, komanso ntchito imachuluka.

“Zitatu zokha, mudzi waukulu ngati umenewo?” anatero, akuseka pang'ono. “Iai, Edina. Zilipo, sunakhale pansi. Upite ukayang'ane bwino, udzandiuze.”

Nditabwerera ndinayamba kudzuka msanga n'kumakhala pakhomo lakuseri ndi kapu ya tiyi, ana asanadzuke. Zinalipodi. Apumbwa mumtengo wa mapeyala wa aneba, aphwiti pansi pa mpopi, anamzeze pamawaya a magetsi, timba pamaluwa a mpanda, kabawi akuzungulira pamwamba pa phiri. Ndinkazilemba kumapeto kwa kope lakale lokonzera maphunziro, kuti ndikadzapita ndisadzaiwaleko ina. Ulendowo ndinauzengereza, tchuthi ichi n'kuti chinacho, mpaka tsiku lina Tamala, amene tsopano amagulitsa usipa ku Mzuzu, anandiimbira foni kuti ambuya anaikidwa sabata yapitayo.

Kopelo sindinalitseke. Linadzaza, ndinayamba lina. Zimene sindikuzidziwa maina ndimazilemba mmene ndikanawafotokozera ambuya osaona aja: kukula kwake, kaimidwe kake, kaliridwe kake, chimene inkadya. Sabata yatha m'mawa, ndikutunga madzi, pampanda panatera kambalame kamene sindinakaonepo, kakuda, kofiira pachifuwa ngati kathiridwa utoto, ndipo kanayamba kukoka ulusi wa thumba lakale n'kumapita nawo mumtengo, kupita n'kubwera. Ndowa inadzaza, madzi anasefukira, ine ndili chiimire mpaka kanamaliza ulendo wake womaliza. Kusukulu ndinafika belu litalira kale. A hedi atandifunsa chimene chandichedwetsa, ndinawauza zoona.